PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ZA KULERA ATSOGOLERI PAKATI PA APHUNZITSI ACINYAMATA A ANAMWINO

Ambiri a ife tinafikapo pa cipatala usiku, titanyamula mai wobvutika pakubala kapena mwana wotentha thupi, ndipo tinapereka wodwala wathu m'manja mwa namwino amene sitinamdziwa ndi dzina lomwe. Tinakhulupirira manja amenewo cifukwa tinayesa kuti anaphunzitsidwa bwino. Koma kodi tinayamba tafunsa kuti anawaphunzitsa ndani? Kumbuyo kwa namwino ali yense kuli mphunzitsi, ndipo kawiri kawiri mphunzitsiyo ali munthu wacinyamata, amene dzana lomweli anali kusamala odwala iye mwini. Zikapita zaka zowerengeka adzamuuza kuti, Tsogolera sukulu yonse, weruza mirandu ya ophunzira, lankhula ndi akuru a Boma. Akakhala wosakonzeka, sukulu idzafoka, ndipo kufoka kwace kudzafika pa mphasa ya wodwala wa m'mudzi mwathu.

Cifukwa cace m'phunziro lino tifuna kufunsa funso limodzi: Kodi mphunzitsi wacinyamata wa anamwino asanduka mtsogoleri bwanji? Tidzayankha pakuwerenga mbiri ya akazi ena a maiko akutali, amene anayamba nchito imeneyi pamene inali yatsopano. Wina anasenza katundu yekha, nagwa naye. Ena anasenzetsana pang'ono pang'ono, ndipo nchito yao inakhalitsa.

1. Sukulu yolera aphunzitsi

M'caka ca 1860 Mai Florence Nightingale anatsegula sukulu ya anamwino pa cipatala ca St Thomas, m'mudzi waukuru wa London ku Mangalande. Ndalama zace zinali zimene anthu anasonkha pakumyamika cifukwa ca nchito yace yosamala asilikari pa nkhondo ya ku Crimea. Ophunzira oyamba anali 15, ndipo maphunziro ao anali a caka cimodzi. Mai Nightingale anadziwa kuti anamwino ocepa otere sakhoza kusamala odwala a dziko lonse. Tsono colinga cace cinali cakuti oturuka m'sukuluyo apite ku zipatala zina, akayang'anire nchito, ndi kuphunzitsa akazi ena zimene iwo anaphunzira. Anafuna kubzala mbeu imene idzabala mbeu inzace.

Nzeru imeneyi inali yabwino ndithu. Koma posacedwa kunaoneka bvuto. Zipatala zambiri zinapempha atsogoleri, ndipo okonzeka anali ocepa. Munthu akhoza kuphunzira kutsuka bala ndi kusambitsa wodwala m'caka cimodzi, koma kulamulira anthu, kugawa nchito, ndi kupirira otsutsa sikuphunzirika msanga cotero.

2. Katundu wosenza munthu mmodzi

M'mudzi wa Liverpool, kumpoto kwa London, munali nyumba yaikuru yosungiramo amphawi, ndipo m'cipatala cace munagona odwala oposa 1,000. Owasamala anali amphawi anzao osaphunzira. Munthu wina wacuma, dzina lace William Rathbone, anagwidwa cifundo, nalonjeza kulipira ndalama ngati Mai Nightingale adzatumiza anamwino ophunzira. M'caka ca 1865 anatumiza Mai Agnes Jones, wokulira ku Ireland, pamodzi ndi anamwino 12.

Mai Jones anali wodzipereka ndi wolimba mtima. Anaphunzira ku Kaiserswerth m'dziko la Jeremani, ndi pa St Thomas pomwe, nagwirako nchito pa cipatala cina ca ku London. Koma cipatala cacikuru cotere sanacitsogolere ndi kale lonse. Anapeza zipinda zauve ndi zodzala, ndi ndeu pakati pa odwala. Akazi aumphawi amene anayesa kuwaphunzitsa kuti athandize, ambiri anawacotsa cifukwa ca kuledzera. Anali kugwira nchito kuyambira m'banda kuca kufikira usiku, kuyang'anira zakudya ndi nsaru, kuphunzitsa, kuweruza, ndi kuyendera odwala. Wamkuru womlangiza anali kutali ku London, ndipo malangizo anali kudza ndi makalata okha.

Nchito yace siinapite pacabe. Cipatala cinayera, ndipo anthu anaona kuti amphawi nawonso ayenera kusamalidwa ndi anamwino ophunzira. Koma m'mwezi wa February 1868 Mai Jones anamwalira ndi nthenda ya typhus, imene ifala ndi nsabwe m'malo mopanikizana anthu. Anali wa zaka 35 zokha. Nthenda siisankha munthu, komatu thupi lotopa sililimbana nayo bwino. Ndipo atamwalira kunabvuta kupeza wina woyenera kulowa m'malo mwace. Makolo athu anati, Mutu umodzi susenza denga. Sitinena izi pakumtsutsa mkazi wolemekezeka ameneyu. Tifuna kuti tione kuti kumpatsa munthu mpando, ndi kumsiya yekha pa mpandopo, sindiko kumlera akhale mtsogoleri.

3. Makwerero a Mai Nutting

Tsopano tioloke nyanja yaikuru, tifike ku America, kumene macitidwe a sukulu ya Mai Nightingale anafikanso. M'caka ca 1889 cipatala catsopano ca Johns Hopkins, m'mudzi wa Baltimore, cinatsegula sukulu ya anamwino. Woyang'anira wace woyamba anali Mai Isabel Hampton wa ku Canada, amene asanakhale namwino anali mphunzitsi wa ana. Iye anaphunzira unamwino pa cipatala ca Bellevue ku New York, natsogolera sukulu ina ku Chicago asanadze ku Baltimore.

Mwa ophunzira ace oyamba munali mkazi wina wa ku Canada komweko, dzina lace Adelaide Nutting, amene analowa sukulu ali wa zaka zoposa 30. Taonani makwerero ace. M'caka ca 1891 anatsiriza maphunziro, ndipo anampatsa kuyang'anira zipinda za odwala, ndi anamwino owerengeka pansi pace. M'caka ca 1893 anakhala waciwiri kwa Mai Hampton, naona ndi maso ace umo sukulu yonse iyendera. M'caka ca 1894 Mai Hampton anakwatiwa ndi dotolo wina dzina lace Hunter Robb, nasiya nchito, ndipo Mai Nutting analowa m'malo mwace. Sukulu siinagwedezeke, pakuti wolowayo anadziwa kale zipinda zace, anthu ace ndi mabvuto ace.

Ndipo pakuti sanataye mphamvu zace ndi kufunafuna njira, anakhoza kukonza zinthu zazikuru. Masiku amenewo ophunzira unamwino anali ngati anchito a cipatala, ogwira maora 12 kapena kuposa pa tsiku, nafika m'kalasi ali ndi tulo. Pofika caka ca 1896 Mai Nutting anatalikitsa maphunziro kucokera zaka 2 kufikira zaka 3, nacepetsa nchito ya ophunzira ikhale maora 8 pa tsiku. M'caka ca 1901 anaika miyezi 6 yoyamba ikhale yophunzira za thupi la munthu, za mankhwala, za zakudya ndi za ukhondo, wophunzira asanapatsidwe odwala kuti awasamale. Zinthu zotere sizicitika popanda kukambirana ndi madotolo ndi osunga cuma ca cipatala, amene anazolowera nchito yocipa ya ophunzira. Mtsogoleri ayenera kudziwa kulankhula ndi anthu otere, ndipo Mai Nutting anakuphunzira ali pambali pa mnzace wamkuru.

Tizindikirenso ici. Mai Hampton, amene tsopano anachedwa Mai Robb, sanaiwale nchito atakwatiwa. Kale m'caka ca 1893, pa msonkhano wa ku Chicago, anathandiza kusonkhanitsa oyang'anira sukulu za anamwino akhale bungwe limodzi, kuti wina asabvutike yekha. Ndipo iye ndi anzace a m'bungwemo anacondelera akuru a Teachers College, ndiyo sukulu ya aphunzitsi ya pa yunivesite ya Columbia ku New York, kuti atsegule maphunziro a anamwino ofuna kutsogolera. Anawatsegula m'caka ca 1899, ndipo ophunzira oyamba anali awiri okha. M'caka ca 1907 Mai Nutting anaitanidwa kumeneko, nakhala namwino woyamba pa dziko lonse lapansi kulandira mpando wa profesa pa yunivesite.

4. Zaka 16 pambali pa wamkuru

Caka cotsatira, ndico 1908, kunafika pa Teachers College wophunzira wina, dzina lace Isabel Stewart. Iyenso anali wa ku Canada, mphunzitsi wa ana poyamba, amene pambuyo pace anaphunzira unamwino ku Winnipeg. Mai Nutting anaona mphatso yace, ndipo m'caka ca 1909 anamtenga akhale womthandiza. Sanamletse kuphunzira cifukwa ca nchitoyo. Mai Stewart anapitirira, nalandira digiri yace yoyamba m'caka ca 1911, ndi yaciwiri m'caka ca 1913.

Pamenepa pali cinthu coyenera kucisunga mumtima. Kufikira nthawi imeneyo maphunziro a pa Teachers College anali makamaka okonza oyang'anira zipatala ndi sukulu. Mai Stewart, pokhala anadziwa nchito ya m'kalasi, anaona kuti casowa cinthu cina. M'sukulu zambiri wophunzitsa anamwino anali woyang'anira yemweyo wotanganidwa, kapena dotolo wodza madzulo atatopa, ndipo panalibe munthu wophunzitsidwa luso la kuphunzitsa. Iye anafuna kukonza maphunziro a aphunzitsi eni ace. Wamkuru wina akadati, Khala cete, iwe mwana wa dzulo. Koma Mai Nutting anamlola, nampatsa nchitoyo ikhale yace, ndipo maphunziro amenewo anakula, naturutsa aphunzitsi ofalikira ku sukulu zambiri.

Pamene bungwe la aphunzitsi a anamwino linafuna kulemba buku losonyeza zimene sukulu iri yonse iyenera kuphunzitsa, Mai Nutting anakhala pa mpando wa komiti, ndi Mai Stewart anakhala mlembi wace. Bukulo linaturuka m'caka ca 1917. Mlembi akhala pa msonkhano uli wonse. Amva akuru alikutsutsana, aona umo wapampando aziziritsa mitima, ndipo asonkhanitsa maganizo osiyana akhale mau amodzi. Palibe sukulu ya utsogoleri yoposa imeneyi. Pamene bukulo linalembedwa mwatsopano, nkuturuka m'caka ca 1937, wotsogolera nchitoyo anali Mai Stewart mwini wace.

M'caka ca 1925 Mai Nutting anatula nchito, ndipo Mai Stewart analowa m'malo mwace atakhala pambali pace zaka 16. Mai Nutting anakhalabe ndi moyo kufikira 1948, cotero anaona ndi maso ace nchito irikuyenda m'manja mwa amene anamlera. Mai Stewart anatsogolera kufikira 1947. Mwa aphunzitsi acinyamata a m'nthawi yace munali Mai Virginia Henderson, amene anaphunzira pomwepo, naphunzitsapo kuyambira 1934 kufikira 1948. Kabuku kace ka 1960, konena za maziko a kusamala odwala, kanamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo ciphunzitso cace cinafika m'sukulu za anamwino za maiko ambiri. Umo ndimo mbeu inabalira mbeu inzace.

5. Zimene akuru aphunzirapo

Tikalinganiza mbiri ya ku Liverpool ndi ya ku America, tipeza malangizo asanu a iwo amene atsogolera sukulu za anamwino.

Loyamba: katundu aonjezedwe pang'ono pang'ono. Mphunzitsi watsopano ayambe ndi kalasi limodzi ndi ophunzira owerengeka m'zipinda za odwala. Akakhoza pamenepo, apatsidwe kukonza mayeso, kapena kuyang'anira ophunzira a caka cimodzi, ndipo pambuyo pace gawo lonse la sukulu. Mwana wophunzira kusenza madzi ayamba ndi kamtsuko.

Laciwiri: alowe pa bwalo pamene nkhani ziweruzidwa. Wacinyamata amene angomva kuti akuru apangana cakuti, osamva zifukwa zace, sadzadziwa kuweruza. Akhalepo pamene akambirana za ndalama za sukulu, za wophunzira wolakwa, ndi za madandaulo a cipatala. Akakhala mlembi wa msonkhano, monga Mai Stewart, ndiko kwabwino koposa.

Lacitatu: apatsidwe nchito yoti njace ndithu. Kutuma munthu ndi kumlera kusiyana. Wotumidwa acita zimene wauzidwa, ndipo zikalakwika mlandu suli wace. Wolerewa asankha njira yekha, nayankha mlandu wace. Akalakwa, wamkuru amdzudzule kuseri, osati pamaso pa ophunzira, pakuti mphunzitsi wocititsidwa manyazi pamaso pa ana ace sabwezanso ulemu wace msanga.

Lacinai: asungiridwe nthawi yophunzira. Ciyeso ca sukulu iri yonse yosowa aphunzitsi ndico kuunjikira watsopano makalasi onse olemetsa, popeza ali ndi mphamvu ndipo aopa kukana. Potero sapeza nthawi yowerenga, yofufuza, kapena yolemba, ndipo zikapita zaka 10 aphunzitsabe zimene anaphunzira ali mwana wa sukulu, cinkana mankhwala ndi macitidwe a cipatala anasintha.

Lacisanu: wamkuru atule nchito nthawi ikadalipo. Amene agwiritsa mpando kufikira imfa kapena nthenda imcotsapo, asiya wolowa m'malo mwace wopanda womfunsa. Akuru akuru ndiwo m'dambo mozimira moto. Wamkuru wotula ali ndi moyo ndi nzeru akhala dambo limene wacinyamata athamangirako moto ukabuka.

6. Zimene acinyamata aphunzirapo

Ndipo inu aphunzitsi acinyamata, kapena ana athu amene mufuna nchito imeneyi, muli nayo mbali yanu. Musadikire kuti wamkuru akupezeni. Funani mnzanu wacikulire wodziwa nchito, mumpemphe adzakhale m'kalasi mwanu tsiku lina, akuuzeni poyera pamene mwaperewera. Musanyoze nchito zazing'ono, monga kulemba za msonkhano kapena kukonza ndandanda ya ophunzira, pakuti m'menemo mudzadziwa mitsempha ya sukulu. Musatalikire odwala. Ophunzira amvera mphunzitsi amene amuona alikutembenuza wodwala ndi manja ace, kuposa uyo angowerenga za m'buku.

Phunziraninso kugawa nchito. Munthu wacangu aganiza kuti, Ndikacita ndekha cidzatha msanga ndi bwino. Kapena nzoona lero, koma mawa adzatopa, ndipo palibe wina adzadziwa kucita. Dziwani kupumula, ndi kupempha thandizo katundu akalemera. Ndipo kuyambira caka canu coyamba yang'anani pakati pa ophunzira anu amene mudzamlera inunso. Mai Hampton anaona mtsogoleri mwa wophunzira wa m'kalasi lace loyamba.

7. Nanga ife a m'midzi?

Kapena wina adzati, Nkhani izi nza ku America, ife zitikhudza bwanji? Zitikhudza ndithu. M'dziko lathu la Malawi muli sukulu za anamwino ndi azamba pa zipatala za Misyoni, monga ku Nkhoma, ku Ekwendeni, ku Mulanje ndi ku Malamulo. Kamuzu College of Nursing inatsegulidwa m'caka ca 1979, ndipo m'caka ca 2021 inaphatikizana ndi sukulu ya madotolo kukhala yunivesite imodzi ya za umoyo. Ophunzira ndi aphunzitsi a m'sukulu zimenezi ndiwo ana a m'midzi mwathu, akazi ndi amuna omwe.

Tsono mwana wathu kapena mkazi wathu akasankhidwa kukaonjezera maphunziro kuti adzaphunzitse anzace, tisamgwetse mphwayi ndi mau akuti, Waphunzira kokwanira, khala pansi. Timthandize kusunga ana ndi munda kufikira atabwera. Akapatsidwa udindo ali wamng'ono, tisamcitire nsanje kapena kumseka. Ndiponso tisamlemetse ndi zopempha zokhota, monga kuti alowetse mwana wa mbale wathu m'sukulu ngakhale sanakhoze mayeso. Mtsogoleri wacinyamata akagonja kamodzi pa cinthu cotere, mau ace apepuka pamaso pa onse, ndipo namwino wosayenera adzaima tsiku lina pambali pa mwana wathu wodwala.

Ndipo nzeru imeneyi siiri yacilendo kwa ife. Mfumu yanzeru ikhazika mphwace pambali pace pa bwalo, amve mirandu zaka zambiri asanalowe ufumu, nimtuma kukaweruza timirandu tating'ono poyamba. Wosula makasu ayamba kumpatsa mwana mvukuto asanampatse nyundo. Cimene makolo athu anacidziwa pa bwalo ndi pa cipala, akazi aja anacipeza m'sukulu zao. Ali yense wa ife amene agwira nchito yotsogolera, kaya m'sukulu, kaya m'mudzi, adzifunse lero: Ndikadwala mawa, adzagwira nchito yanga ndani, ndipo ndamuonetsa ciani kufikira tsopano?

Mafunso a phunziro lino

1. Kodi Mai Nightingale anafuna kuti oturuka m'sukulu yace akacite ciani ku zipatala zina?

2. Chulani zinthu ziwiri zimene zinalemetsa nchito ya Mai Agnes Jones ku Liverpool.

3. Fotokozani makwerero a Mai Nutting kuyambira 1889 kufikira 1894.

4. Kodi munthu aphunzira ciani pakukhala mlembi wa msonkhano wa akuru?

5. Kutuma munthu ndi kumlera kusiyana bwanji? Perekani citsanzo ca m'mudzi mwanu.

6. Kodi inu mulikulera yani, ndipo ndi katundu uti amene mukhoza kumsenzetsa mwezi uno?